Kukatenga Mawu a Malume ku Harare

Malume anga a Gerevazio sakhulupirira munthu. Ukawapatsa kapu ya tiyi amayamba ainunkhiza kaye. Ndiye pamene foni yanga inalandira uthenga wochokera ku Zimbabwe, wakuti a Fabiano amwalira ndipo asiya mawu oti mbale ikaperekedwe kwa mwini wake, ndinadziwiratu kuti mtendere wanga watha.

Mbale yake ndi ya galamafoni, zija zakuda zolemera, zoti zikagwa zimasweka ngati mphika. Ali mnyamata, nthawi ya atsamunda, malume anapita ku Harare nakapeza ntchito yosesa m'sitolo ya mzungu wogulitsa magalamafoni. Anapezako mnzawo wa ku Chongoni, a Fabiano amenewa. M'sitolomo munali mulu wa mbale zimene ogula sankazifuna, nyimbo za anthu akuda a ku Amereka zotchedwa bulusi. Bwana akapita kukadya masana, awiriwo ankaziyika motsitsa, khutu pa galamafoni, mpaka anaphunzira kuimba gitala mwanjira imeneyo. Kenaka anthu ena a makina anawajambula nyimbo ziwiri, aliyense yake. Mbale isanatuluke malume anaitanidwa kumudzi kuno ku Mphunzi pa maliro a mayi awo, ndipo sanabwererenso. A Fabiano analonjeza kuti atumiza mbaleyo. Sinafike.

Ine ndakula ndikumva mawu amodzimodzi: "Fabiano anadya mawu anga." Pa ukwati, pa maliro, ngakhale potuluka m'tchalitchi. Malinga ndi malume, mnzawoyo anafufuta dzina lawo pambale, nalemera ndi nyimbo zawo.

Amene anatumiza uthenga anali mwana wamkazi wa malemuwo, amene amatchedwa amake Rudo. Ndinawapempha kuti angopereka mbaleyo kwa dalaivala wa basi. Anakana. Anati bambo awo analetsa, mwini wake abwere yekha.

"Waona?" anatero malume nditawauza. "Akufuna aone ngati ndikadali moyo. Akapeza kuti ndinafa, adye bwino."

"Ndiye tisapite, malume. Pa msinkhu wanuwu basi ya tsiku lonse ikupwetekani."

"Iwe Felesita, ndife ndisanamve mawu anga? Tipita."

Ine ndine mphunzitsi wa pulayimale, ndalama za ulendo wotero sindizisunga pansi pa pilo. Ndinagulitsa mbatata za kachewere zonse za m'dimba langa pa mtengo wolira nawo, ndipo mapasipoti okha anatidyera miyezi. Tinanyamuka m'nyengo yozizira, nkhungu itaphimba phiri. Malume anavala jekete ziwiri, gitala yawo itakulungidwa m'thumba la feteleza. Ndinawauza kuti aisiye, ndi katundu chabe.

"Akakana kuti mawuwo ndi anga, ndikaimba pamaso pawo," anatero, nakwera njinga yamoto ngati mnyamata.

Pa msewu waukulu tinakwera minibasi mpaka pa boma la Dedza, kenaka kuchipata cholowera m'Mozambiki. Basi yochokera ku Lilongwe anati ifika mmawa. Mmawa wake uti? Dzuwa linakwera, nkhungu inatha, tinadya chimanga chootcha, tinadyanso tchipisi, basi osaoneka. Anyamata osintha ndalama ankatizungulira ngati ntchentche. Aliyense akatiyandikira, malume ankakumbatira gitala nandiuza kuti ndigwire chikwama changa, chomwe ndinali nditachigwira kale mpaka zala kuchita dzanzi.

Itafika basi, tinalowa pa mzere wosecha katundu. Wosecha anapisa m'thumba la jekete ya malume natulutsa kanthu kokulunga m'kansanza kofiira. Anamasula pang'onopang'ono. Linali khosi la botolo, lodulidwa bwino, m'mphepete mwake mosalala chifukwa chopalidwa pa mwala.

"Agogo, ichi n'chiyani?"

"Chala changa chachisanu ndi chimodzi," anayankha malume.

Ndinalowererapo msanga, kufotokoza kuti amavala kuchala poimba gitala, amalitsetsereketsa pa nsambo. Wosechayo anaseka nawabwezera. Koma mayi amene anali kumbuyo kwathu sanaseke. Anali mayi wonenepa, wamalonda a zitenje, dzina lawo a Nasibeko, ndipo ndinawamva akunong'oneza mnzawo kuti, "Kansanza kofiira, mwakaona? Basi ino tiyende tikupemphera." Mwatsoka mpando wawo unali pafupi ndi wathu.

Titalowa m'Mozambiki, a Nasibeko anatulutsa buku la nyimbo nayamba kuimba chapansipansi, diso limodzi lili pa thumba la malume. Malume anaona, ndipo ndinadziwa kuti sawasiya.

"Mayi, mukundiyesa mfiti?"

"Ine sindinanene kanthu, bambo."

"Maso anu anena. Ndikuuzeni. Ku Misisipi, kumene kunachokera kaimbidwe kangaka, kunali mnyamata wina amene ankaimba gitala moipa, anthu kumachita kumuthamangitsa. Anasowa. Pobwera, akuimba moti akuluakulu anatsegula pakamwa. Anthu anati chiyani? Anati anapita pa mphambano kukapereka mzimu wake kwa Satana."

"Mayo! Ndiye zimenezotu!" anatero a Nasibeko, akusendera kuwindo.

"Bodza lokhalokha. Anakakhala kwa munthu wodziwa, naphunzira mpaka zala kutuluka magazi. Koma wosauka akadziwa chinthu, anthu amati ndi mankhwala. Kuno ndi komweko, chimodzimodzi."

A Nasibeko sanakhutire. Pamene ndinawagawira nthochi anakana, ati ali pa kusala, koma patangopita kanthawi ndinawaona akudya mandasi.

Tinadutsa Ulongwe, minda ya mbatata ndi chimanga yofanana ndi ya kwathu, kenaka msewu unayamba kutsika. Malume anavula jekete imodzi. Pofika ku Moatize, kumene fumbi la malasha lada pa masamba a mitengo, anavula yachiwiri. Ku Tete ndinamva ngati atiyika mu uvuni wa buledi. Mtsinje wa Zambezi ndinauona pang'ono chabe, chifukwa nthawi imeneyo ndinali kalikiliki ndi bambo wina wa pampando wakutsogolo.

Bamboyu anavala jekete yachikopa m'kutentha konseko, ndipo anali ndi mafoni awiri. Kuyambira ku Dedza ankangotembenuka ndi mafunso. Agogowa ndi oimba? Anajambulapo? Ku Harare mukafikira kuti? Akakulandirani ndani? Ine ndinkayankha mwachidule. Munthu wabwino safunsa kumene mlendo akagone. Ndinayamba kuganiza kuti mwina watumidwa ndi a kwa Fabiano kuti atiyang'anire. Matenda a malume anali atandilowa.

Titadutsa Tete, tikulowera ku Changara, pansi pa basi panamveka phokoso ngati chikwapu, kenaka fungo la mphira wopsa. Dalaivala anaimika pambali. Anatsegula injini, nthunzi ili tolotolo, natiuza kuti lamba waduka, koma tisadandaule, ndi nkhani yaing'ono. Ine nkhani yaing'ono ya madalaivala ndimaidziwa. Lamba wapadera analibe. Kondakitala anakwera lole yobwerera ku Tete kukasaka wina.

Tinatsika tonse kukakhala pansi pa mlambe. Panalibe nyumba pafupi, koma posakhalitsa kunatulukira amayi ogulitsa madzi ndi masawu ouma, ngati anali atabisala m'tchire kudikira tsoka lathu. Madzi ake anali ofunda, mtengo wake wa mowa. Ana analira, anagona, anadzuka nayambanso kulira. Mbuzi inaba buledi wa munthu wina. Aliyense ankayang'ana kumsewu, lole iliyonse tikuti ndi imeneyo.

Dzuwa litapendeka, wina anati, "Agogo, tiimbireni, nthawi ipite." Ndinkayembekeza kuti akana. Koma anamasula thumba la feteleza, nakonza nsambo, navala khosi la botolo ku chala chaching'ono.

Abale, ine ndawamva malume akuimba kuyambira ndili mwana, koma tsiku limenelo zinali zina. Botolo likatsetsereka, gitala inkalira ngati mayi wa pamaliro amene mawu amuthera koma sakufuna kuleka. Phazi lawo linkamenya fumbi. Ankaimba mzere umodzi, kuubwereza, kenaka wachitatu woyankha. Ngakhale a Nasibeko anasiya kutafuna.

Mwadzidzidzi malume anagwira nsambo ndi chikhatho. Zii.

"Achimwene a jekete, tsitsani chimenecho."

Bambo uja anali ataimika foni, akujambula.

"Pepani agogo, ndimafuna nditumizire akazi anga basi."

"Onse amatero. Mukudziwa mmene anawachitira eni ake a nyimbozi? Anali anthu olima thonje m'minda ya azungu, m'chigwa cha mtsinje waukulu umene unkasefukira n'kuwakokolera nyumba. Chaka chonse kulima, pokolola n'kuuzidwa kuti palibe chako. Loweruka ankaimba m'tinyumba ta matabwa kuti aiwale. Ndiye kunkabwera anthu ndi makina, kuwalowetsa m'chipinda cha hotela, kuwapatsa kabotolo kuti manyazi athe. Nyali ikayaka, imba. Ikazima, leka, ngakhale nyimbo isanathe. Kenaka tindalama ta m'manja, pita. Mbale zinayenda dziko lonse, mpaka zinandipeza ine ndikusesa ku Harare. Koma eni ake ena anafa osadziwika ndi pomwe anaikidwa. Manda opanda ngakhale mtanda!"

"Komatu ine si kampani, agogo."

"Fufutani."

Bamboyo anayang'ana anthu, kufuna womuthandiza, koma sanamupeze. Anafufuta. Malume anandituma kuti ndikaone ndi maso anga, ndipo ndinapita, ndinayang'ananso ndi foni yachiwiri ija. Bamboyo sanatiyankhulenso mpaka pamene anatsikira. Kaya anali kazitape kaya anali munthu wokonda akazi ake, sindikudziwa mpaka lero.

Gitala inabwerera m'thumba. Koma mphunzitsi wina wopuma, amene anakhala pafupi nafe, anafunsa mwaulemu ngati nyimbozo zinathera m'minda ya thonje momwemo.

"Ayi," anatero malume, mkwiyo utatsikako. "Anatopa. Anakwera sitima kupita kumpoto, ku Chikago, kukagwira ntchito m'mafakitale, ngati mmene ife tinkathawira msonkho kupita ku Harare ndi ku Joni. Kumeneko m'mabala omwera mowa munali phokoso loti gitala yamatabwa siingamveke. Ndiye anailumikiza ku magetsi, nawonjezera ng'oma ndi kalimba kapakamwa. Ena amati zinasintha. Ine ndimati ndi munthu yemweyo akulira, kungoti tsopano akulirira m'tauni, ndiye ayenera kukweza."

"Kumeneko ndiye analemera?"

"Analemera ndi eni makina. Ndi anzawo ena ochenjera, olemba dzina lawo pa nyimbo ya mnzawo." Apa anandiyang'ana ine, kuti ndidziwe amene akumunena.

Tinagona m'basi momwemo, malume atamangirira gitala ku mwendo wawo ndi chingwe cha nsapato. Kondakitala anafika kutacha ndi lamba amene sanali wa basi yathu, koma anamukakamiza mpaka analowa. Tinayenda ngati tanyamula mazira.

Pa chipata cha Nyamapanda tinaima pa mzere wa padzuwa mpaka miyendo ya malume inatupa. Ndinawapezera mwala wokhalapo. Foni yanga inali itasiya kugwira kuyambira pamene tinatuluka m'Malawi, ndipo tinali titachedwa ndi tsiku lathunthu. Ndinayamba kuopa. Nanga tikafika n'kupeza palibe wotilandira? Nanga uthenga uja unali wa akuba amene anangomva dzina penapake? Ndinali nditanyamula nkhalamba kudutsa mayiko awiri chifukwa cha mawu a munthu amene sindinamuonepo nkhope.

Malume maganizo awo anali kwina. Kuchokera ku Mutoko mpaka kulowa mu Harare ankangondilangiza.

"Tikafika, usayambe ndi kuseka nawo. Uyang'ane nyumba. Uone denga, uone galimoto zili pabwalo. Zonsezo ndi mawu anga. Akakupatsa chakudya, uyambe waona kuti iwo adya."

"Malume, munthuyo anamwalira. Mukakangana ndi ndani?"

"Wakuba akafa, katundu sasanduka wake."

Tinafika pa depoti ya Mbare mu Harare dzuwa litapendeka. Chipwirikiti chake, Lilongwe ndi mudzi. Ndikuti ndiyambe kulira, ndinaona mayi wa imvi zapatalipatali, wovala juzi yotha m'zigongono, akuyang'ana aliyense wotsika. Ataona thumba la feteleza lokhala ndi khosi la gitala, anathamanga nagwada pa simenti pamaso pa malume. Anali amake Rudo. Anati akhala akubwera pamalopo kuyambira dzulo lake. Chichewa chawo chinali chopindikapindika, chosakanikira ndi Chishona, koma chinkamveka.

Anatitengera ku nyumba ya zipinda ziwiri m'komboni yakale, khoma long'aluka, mipando ya nsalu zong'ambika. Malume anaima pakhomo, nayang'ana uku ndi uku.

"Nyumba yeniyeni ili kuti?"

"Ndi inoyi, ababa. Tonse tinabadwira muno."

Malume anandikodola ndi chigongono, kutanthauza kuti atibisira. Anakana madzi, anakana tiyi. Anati abwerera chinthu chimodzi.

Amake Rudo analowa kuchipinda natuluka ndi galamafoni yakale yopukusa ndi dzanja, kenaka mbale yokulungidwa m'thaulo. Malume anailanda, naiyandikiza ku maso, koma maso awo anatha kale. Anandipatsa.

"Werenga dzina."

Kapepala ka pakati kanali katafwifwa, koma zilembo zinkaoneka. Ndinawerenga mokweza dzina lawo lonse, Gerevazio, ndi la bambo awo lomwe. Panalibe chofufutidwa.

"Hmm," anatero. "Iyikeni."

Amake Rudo anapukusa, natsitsa singano. Tinamva phokoso ngati mvula pa malata. Shiii, shiii. Pansi penipeni pa phokosolo panali kanthu kokhala ngati munthu akuitana kutsidya la mtsinje wodzaza, koma mawu ake osamveka ngakhale limodzi. Tinadikira kuti mwina zikonzeka. Singano inayenda mpaka kumapeto.

Malume anaimirira. "Mwaipala! Mwaipala dala ndi mchenga kuti ndisadzitsimikize! Mwandiitanira zimenezi? Felesita, tenga chikwama!"

Ine ndinapsa mtima limodzi nawo. Mbatata zanga, miyendo yawo yotupa, zonsezo chifukwa cha phokoso la mvula? Ndinanyamula mbaleyo kuti ndiione pa kuwala kwa pakhomo. Inalidi yotuwa ngati phulusa, mizere yake yodyeka. Koma nditaitembenuza ndinadabwa. Mbali inayo inali yakuda bii, yonyezimira ngati yagulidwa dzulo. Pamenepo panali dzina la a Fabiano.

"Mwaona?" anakuwa malume nditawauza. "Yake anaisunga, yanga anaiwononga!"

Amake Rudo sanakweze mawu. Anatenga kachitini kodzaza tisingano tachitsulo totha nsonga, natiyika patebulo.

"Ababa, inu munagwira m'sitolo ya zinthuzi, mukudziwa kuposa ine. Singano imadya mbale pang'ono nthawi iliyonse ikayimba. Palibe anapala. Bambo ankaiyika mbali yanuyi Lamulungu lililonse tikachoka ku Misa. Akamva za maliro a kumudzi, ankaiyika. Tsiku limene tinaika amayi, anaiyika. Masingano atasowa m'masitolo, ankanola akale pa mwala. Mbali yawoyi ine sindinaimvepo chibadwire. Ankati mawu awo amawamva tsiku lililonse, alibe nawo ntchito."

Malume anakhala pansi pang'onopang'ono.

"Nanga osatumiza bwanji?"

"Anaikulunga kangapo, munthu wopita kumudzi ali pakhomo kudikira. Kenaka ankati ikasweka pa lole. Tsiku lina ankati, ndiimve kaye komaliza, ipita ulendo wina. Atazindikira kuti mawu ayamba kutha, anachita manyazi. Ankati ndikamuuza chiyani Gerevazio? Ndi chifukwa chake anati mubwere nokha, ndikuuzeni pamaso, musangolandira chinthu chakufa kwa dalaivala."

Kunja ana ankasewera mpira.

"Koma nyimboyo sinatayike," anatero amake Rudo. Anapukuta m'maso ndi juzi, nayamba kuimba. Mayi amene Chichewa chake chinkapunduka pa mawu aliwonse anaimba Chichewa choyera cha kwathu ku Dedza, chopanda chilema: phiri la kwathu likundiitana, phiri la kwathu likundiitana amayi, koma miyendo yanga ili m'manja mwa eni dziko. Ankakoka mawu pomwe malume amakokera, kupumira pomwe iwo amapumira, ngakhale kakutsokomola kamene kanalowa m'mbalemo pakati pa nyimbo anakachita, poyesa kuti ndi mbali ya nyimboyo.

Ine ndinalira, sindibisa. Malume sanalire. Anatenga mbale ija, nayendetsa chala pa mbali yotuwayo mozungulira, kuyambira m'mphepete mpaka pakati.

"Felesita," anatero, mawu ali ang'onoang'ono, "munthu uyu ndamutukwana moyo wanga wonse. Ndamutukwana ndi pakhomo pa tchalitchi pomwe."

Anatembenukira kwa amake Rudo.

"Mwanawe, manda ake ali kutali?"

"Tikwera kombi imodzi, ababa. Koma mwatopa, miyendo yatupa. Tipite mawa."

"Mawa ndi limene linamupusitsa mnzangayo," anatero malume, akufufuza ndodo yawo pansi pa mpando. "Tiyeni, dzuwa likadalipo."